Pamene majoisti akumana ndi khoma: njira zotsekera mpweya m'nyumba ya matabwa, ndi imene ine ndingasankhe

Tsiku loyeza nyumba kuti aone ngati ikutaya mpweya, pa saiti pamangoti zii. Wailesi imazimitsidwa, macheka amaikidwa pansi. Woyeza amatsegula chitseko chakumaso n'kumangapo chinsalu chofiira chokhala ndi fani yaikulu pakati. Faniyo imakoka mpweya wa m'nyumba n'kumautaya panja mpaka kusiyana kwa mkati ndi kunja kufike pa 50 Pa, mphamvu yofanana ndi mphepo ya makilomita 32 pa ola ikukankha makoma onse ndi denga nthawi imodzi. Apo ndiye kabowo kalikonse kamene munakabisa kamayamba kudziulula.

Nyumba yoyamba imene ndinaiona ikulephera mayeso amenewa ndinaigwira ndi manja angawa. Inali yosanja kamodzi, ya mafulemu a matabwa, kumpoto kwa mtsinje wa Forth kuno ku Scotland, m'mwezi wa February. Makoma tinali titawakuta bwino ndi membrane, chinsalu chopyapyala chotchinga mpweya, tepi ili mwaudongo, mazenera omatidwa mbali zonse. Koma nambala yoonetsa mpweya wothawa inakana kutsika. Woyeza uja anakwera pa kamakwerero m'chipinda chochezera, n'kuika dzanja pa bowo la getsi m'siling'i, ndiye anandikodola kuti nane ndimve. Mphepo yake inali yozizira ngati chiperoni cha mu July, ikutsika kuchokera pakati pa siling'i ndi fulo ya m'mwamba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tinadula plasterboard, mabolodi okutira makoma ndi siling'i mkati, kuzungulira nyumba yonse, ndipo masiku atatu tinakhala khosi lili chagada, kumata zimene tikanatha kuzitseka pa ola limodzi miyezi iwiri m'mbuyomo.

Ife amene tinakulira m'nyumba za njerwa ndi malata nkhani iyi imatidabwitsa poyamba. Kwathu timasiya dala timabowo pamwamba pa zenera kuti mphepo izidutsa, ndipo n'zoyenera malo otentha. Kuno kutentha kwa m'nyumba kumagulidwa ndi ndalama miyezi 7 kapena 8 pa chaka, ndipo mpweya uliwonse wothawira m'ming'alu umapita ndi ndalamazo. Ndalemba izi poganizira anzanga amene mukugwira ntchito za ukalipentala ku Britain ndi ku Ireland, komanso inu amene mwasonkha kwa zaka kuti mumange yanu.

Chifukwa chake malo awa amavuta

Nyumba zambiri zatsopano ku Scotland ndi za mafulemu a matabwa, ndipo pafupifupi zonse zimamangidwa mosanjikiza ngati mabokosi. Mumaimika makoma apansi. Pamwamba pake mumagoneka mitanda yonyamula fulo ya m'mwamba, imene pa saiti timaitchula kuti majoisti, n'kutseka mitu yake ndi thabwa la m'mphepete lotchedwa rim board. Mumakhoma chipboard ya 22 mm, bolodi lopondapo, n'kuimirira pomwepo poimika makoma am'mwamba. Njirayi ndi yachangu ndiponso imateteza amisiri, koma ili ndi chilema chimodzi. Chotchinga mpweya chimakhala mkati mwa khoma, kuseri kwa plasterboard. Chikakwera khoma lapansi chimakumana ndi fulo yonse yatsamira pa khomalo, ndiye chimaduka. Chimayambiranso m'mwamba. Pakatipo pamatsala lamba wosatsekedwa wa 250 kapena 300 mm kuzungulira nyumba yonse.

Ndipo mpata wa pakati pa majoisti si bokosi lotsekeka. Umalumikizana ndi mabowo a magetsi a m'siling'i, makoma ogawa zipinda, mapaipi a kubafa, masitepe. Mphepo ikalowa pamutu pa joisti imodzi imayenda nyumba yonse. Mukaona mzere wakuda m'mphepete mwa kapeti yoyera m'chipinda cham'mwamba, si kuti eni ake sasesa ayi. Kapetiyo yakhala ikusefa fumbi la mpweya wotulukira pansi pa skirting, kathabwa ka m'munsi mwa khoma.

Kuzizira ndi ndalama si zokhazo. Chimene chimandiopsa ine ndi madzi. Mpweya wa m'nyumba umanyamula nthunzi ya kukhitchini, ya kubafa, ya zovala zoyanika mkati, ndipo ukafika pa rim board yozizira nthunziyo imasanduka mame. Akatswiri a zomangamanga ku Stuttgart anayeza zimenezi, n'kufalitsa zotsatira mu 1989: pa square metre imodzi ya insulation (zofunditsa khoma kuti kutentha kusathawe) yotchingidwa bwino panadutsa theka la galamu ya madzi pa tsiku, koma atang'amba m'chotchingacho mpata wa milimita imodzi yokha, wotalika mita imodzi, panadutsa magalamu 800. Kutsala pang'ono kukwana lita, tsiku limodzi. Tsono ganizirani kuti malo amene madziwo akusonkhana ndi pomwe mitu ya majoisti yatsamira, pomwe kulemera kwa nyumba yonse ya m'mwamba kumadutsa.

Malamulo nawo akunka nathina. Ku England malire anali 10 kuyambira 2006, anatsika kufika pa 8 mu June 2022, ndipo tsopano nyumba iliyonse yatsopano imayezedwa, osati zongosankhapo. Nambalayi ndi ma cubic metre a mpweya wothawa pa ola pa square metre iliyonse ya makoma, denga ndi pansi. Muyezo wa Passivhaus, wa nyumba zosataya kutentha, umene unayambira ku Darmstadt ku Germany ndi nyumba ya 1991, umawerengera mwina: mpweya wonse wa m'nyumba usasinthike kuposa ka 0.6 pa ola faniyo ikamakoka. Boma la Scotland linalonjeza kuti nyumba zatsopano zidzayenera kufika pa muyezo wofanana ndi umenewu. Pa 8 mukhoza kupulumuka ndi majoisti osatsekedwa bwino. Pa 0.6 simungayerekeze.

Chinthu china choti musunge m'mutu poyerekeza njirazi n'chakuti thabwa limayenda. Limafika pa saiti ndi chinyezi cha 18 mpaka 20 peresenti, ndipo nyumba ikayamba kutenthetsedwa chimatsika kufika pa 10 kapena 12. M'litali silisintha kwenikweni, koma m'lifupi limafota, moti joisti ya 220 mm ikhoza kutaya mamilimita 4 kapena kuposerapo. Chilichonse chimene mwamata pamenepo chiyenera kulola kuyendako. Mayeso mungakhoze lero, funso ndi lakuti nyengo yozizira yachitatu ikadzafika chidzakhala chikugwirabe kodi.

Lamba wa membrane wokulunga fulo

Iyi ndiyo njira imene ndimaigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa imaoneka yophweka koma anthu amailakwitsa.

Makoma apansi akangoima, joisti ngakhale imodzi isanakwere, mumayala lamba wa membrane pamwamba pa khoma kuzungulira nyumba. M'lifupi mwake amakhala wa 750 mm mpaka mita imodzi, malinga ndi kukula kwa majoisti. Mchira wa 150 mm mumausiya ukulendewera mkati, chotsalacho chimalendewera kunja. Mukagoneka majoisti ndi rim board n'kukhoma chipboard, mumakweza mbali yakunja ija, n'kukuta rim board, n'kuipindira mkati pamwamba pa chipboard. Khoma lam'mwamba limakhala pamwamba pake n'kuipanikiza, ndipo mchira wachiwiri umatulukira m'chipinda cham'mwamba. Pambuyo pake, pomata membrane ya m'makoma, mumangolumikiza ndi michira iwiriyo pogwiritsa ntchito tepi, mzere wowongoka, mutaimirira bwinobwino. Fulo yonse yatsala mkati mwa thumba. Omanga ndi mabuloko ku Britain ali ndi kachitidwe kofanana kamene amakatcha Tony tray.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mtengo wake ndi mpukutu umodzi wa membrane ndi ola limodzi kapena awiri. Sizitengera mtundu wa joisti, kaya ndi thabwa wamba, kaya I-joist, youmbidwa ngati chilembo cha I, kaya ya matabwa awiri olumikizidwa ndi zitsulo pakati. Injiniya safunika kuwerengeranso chilichonse.

Koma tamverani izi. Lambayo akamakuta rim board amakhala watuluka kumbali yozizira ya khoma. Mukaikapo pulasitiki wamba, amene salola nthunzi kudutsa, mwapanga msampha wa madzi: nthunzi yochokera m'nyumba idzafika pa pulasitikiyo n'kukhala mame kumbuyo kwa thabwa. Pamafunika membrane yotseka mpweya koma yolola nthunzi kutuluka, yolimba yosang'ambika msanga. Makampani ngati pro clima, SIGA ndi Glidevale Protect amagulitsa malamba opangira ntchito imeneyi. Funsani wogulitsa mafunso awiri padera, ngati imatseka mpweya, komanso ngati imalola nthunzi, chifukwa nsalu zina zokutira makoma kunja zimatchinga mvula koma mphepo imadutsa. Ngati injiniya avomera, rim board ilowe mkati mamilimita 40 kapena 50 kuti kunja kwa lamba kukhale insulation. Thabwalo likafunda, mame sapezapo malo. Ndipo pakati pa majoisti, kumbuyo kwa rim board, muikemo insulation yothina bwino musanatseke siling'i.

Chofooka chenicheni cha njirayi ndi saiti yeniyeniyo. Lamba amaikidwa tsiku la phokoso, kireni ikudikira ndipo ola lililonse likulipidwa. Anyamata amakoka majoisti pamwamba pake m'malo mowanyamula. Nsapato za zitsulo zimapondapo. Mphepo ya kuno imamukupiza usiku wonse mpaka ma staple atang'amba. Mvula ikagwa denga lisanatsekedwe, thumba lija limasunga madzi, ndiye musapindire lamba mkati fulo idakali yonyowa, ndipo musachedwe kukuta khoma kunja. Pa ngodya za nyumba musadule, pindani ngati mukukulunga mphatso, ndipo pomwe malamba awiri akumana apitirirane 100 mm n'kumatidwa ndi tepi pomwepo, chifukwa mawa malowo simudzawafikiranso. Musamukoke kuti athine ngati chikopa cha ng'oma, musiyeni womasuka pang'ono kuti thabwa likamafota asang'ambike. Malo amene anthu amaiwala kawirikawiri ndi atatu: pamene khoma lamkati lonyamula katundu lakumana ndi lakunja, pamene chitsulo chachikulu chatsamira pa khoma, ndi pambali pa masitepe pomwe palibe fulo.

Ngati fulo yanu ikubwera kuchokera ku fakitale ili yomangidwa kale m'zigawo, nenani pooda kuti lamba aikidwe komweko. Pansi pa denga la fakitale amamata bwino kuposa ife pa sikafodi mu January.

Kukoleka fulo mkati mwa khoma

Njira yachiwiri sikulunga vuto, imalichotsa. M'malo moti majoisti atsamire pamwamba pa khoma, khoma limangopitirira kukwera, chotchinga mpweya chili mkati mwake osaduka. Pa msinkhu wa fulo mumayamba mwamata lamba wa membrane kapena bolodi lotseka mpweya, kenako pamwamba pake mumamanga thabwa lolimba lopingasa, ledger, nthawi zambiri la LVL (matabwa opyapyala omatidwa pamodzi ndi guluu), ndi ma screw aatali olowa m'nsichi za khoma. Majoisti amakolekedwa pa ledger ndi ma hanger achitsulo onga a Simpson Strong-Tie kapena Cullen. Palibe joisti yoboola khoma. Choboola ndi ma screw okha, ndipo popeza membrane yapanikizidwa pakati pa matabwa awiri, pamenepo mpweya sudutsa.

Maganizowa si atsopano. Ku Chicago m'zaka za m'ma 1830 anayamba kumanga ndi nsichi zazitali zochokera pansi mpaka kudenga, fulo n'kumangiriridwa m'mbali mwake. Anadzaisiya njirayo chifukwa matabwa aatali anayamba kusowa, komanso moto ukabuka pansi unkathamanga m'mipata ya nsichi mpaka kudenga ngati m'chumuni. Omanga nyumba za Passivhaus aibweza, koma ndi zotchinga moto pa msinkhu wa fulo, ndipo zimenezo musadzazidumphe.

Kunena zoona, pa njira zonse iyi ndiyo yabwino koposa. Mzere wa mpweya ndi wowongoka, mumauona ndi maso, mungaukonze ukang'ambika. Insulation ya khoma imapitirira osadukizidwa ndi matabwa, choncho palibe malo ozizira. Kufota kumachepa chifukwa kulemera kwa m'mwamba kumatsika m'litali mwa nsichi, osati kudzera m'matabwa ogona.

Mtengo wake uli kwina. Fulo yonse, anthu, mabedi, bafa lodzaza madzi, zonse zalendewera pa ma screw. Kuchuluka kwake, kutalika kwake ndi mipata yake ayenera kuwerengera injiniya, osati kapitawo wongoyang'ana ndi diso. Fulo ndi imenenso imagwira makoma kuti asafutukuke mphepo ikawomba, ndiye kulumikiza kwake kuyenera kujambulidwa. Makoma amatalika n'kulemera, amafuna kireni ndi zochirikiza zambiri, ndipo amisiri sakhala ndi fulo yoimapo poyamba. Mafakitale ambiri a mafulemu makina awo anazolowera mabokosi osanjikiza, ndiye mukapempha izi ena amakweza mtengo, ena amakana. Chachikulu n'chakuti njirayi imasankhidwa pa pepala. Lole ikafika ndi makoma odulidwa kale, mwachedwa.

Pali njira ya pakati imene ndimaikonda pa majoisti a zitsulo pakati, monga Posi-Joist ya MiTek kapena easi-joist ya Wolf Systems. Akhoza kupangidwa kuti thabwa lapamwamba lokha ndilo litsamire pa khoma, thupi lonse lilendewere mkati. Pamenepo lamba amangokulunga kathabwa ka 47 mm m'malo mwa joisti yonse, ndipo ntchito imapepuka kwambiri. Izinso n'zopempha pooda.

Kumata joisti iliyonse payokha

Apa ndi pamene ambiri amathera, osati chifukwa anasankha koma chifukwa palibe anaganizapo nthawi idakalipo. Membrane ya khoma imadulidwa kuzungulira joisti iliyonse, kapena mumadula timabolodi ta OSB (bolodi la tizidutswa ta matabwa tomatidwa ndi guluu) n'kutilowetsa pakati pa majoisti, ndiye mumamata ndi tepi mbali zonse.

Tiyeni tiwerenge. Khoma la mamita 10, majoisti otalikirana 400 mm, ndiye kuti majoisti 26. Makoma awiri, mitu 52. Thabwa wamba lili ndi ngodya 4, zonse pamodzi 208. I-joist, monga JJI yopangidwa ku Forres kapena Finnjoist, ili ndi ngodya 12 chifukwa cha kaumbidwe kake, ndiye zimakwana 624. Ngodya iliyonse ikufuna kachidutswa kake ka tepi, kopindidwa ndi zala, muli pa makwerero, mutu uli m'mwamba, fumbi likugwera m'maso. Munthu amayamba mwaluso m'mawa. Pofika 3 koloko dzanja latopa, kunja kwayamba kuda, ndipo mitu khumi yomaliza sifanana ndi khumi yoyamba.

Ngakhale mutamata mwaluso, pali njira za mpweya zimene tepi sizifikira. Pamwamba pa joisti, pomwe yakhudzana ndi chipboard, simungalowetsepo chala. Thabwa wamba likauma limang'aluka m'litali, ndipo mng'aluwo umadutsa pansi pa tepi yanu ngati ngalande. Majoisti awiri okhomedwa pamodzi amasiya kampata pakati. Pa I-joist muyenera kuyamba mwadzaza m'mbali mwake ndi timatabwa tomatidwa ndi guluu kuti mutu ukhale wa ngodya zinayi. Pa za zitsulo pakati, ngati kumutu kulibe chipika chotseka, palibe n'pomata pomwe.

Ndiye kodi ndi yachabe? Ayi. Pokonza nyumba yakale, kapena pa joisti imodzi kapena ziwiri zotulukira ku khonde, ndi yothandiza. Mukaigwiritsa ntchito, gulani tepi yeniyeni ya ntchitoyi, monga Tescon Vana kapena Rissan, pukutani fumbi, thabwa likhale louma, ndipo tepiyo muisisite mwamphamvu ndi kapulasitiki kolimba chifukwa guluu wake amagwira akapanikizidwa. Tepi yotuwa ya m'sitolo wamba imauma n'kugwa m'kati mwa zaka zochepa. Koma kusankha njirayi dala pa nyumba yatsopano, pomwe lamba analipo, ine sindingavomereze.

Penti yotseka mpweya, thovu ndi silikoni

Pamene tepi yalephera kupindika, penti imalowa. Pali mankhwala okhuthala opaka ndi bulashi kapena opopera, monga Blowerproof ya ku Belgium ndi Aerosana Visconn ya pro clima, amene akauma amasanduka chikopa chotanuka ngati mphira. Onse awiriwa amapakidwa ali obiriwira ngati thambo n'kuda akauma, choncho mumaona pomwe mwadumpha. Ndi amene anatipulumutsa pa nyumba ya February ija. Pa ngodya za I-joist, pa ma hanger, pa thabwa lokumana ndi chitsulo kapena buloko, palibe chowaposa.

Malire ake ndi awa. Penti siwoloka dzenje. Mpata woposa mamilimita ochepa muyenera kuyamba mwautseka ndi phala lake lokhala ndi ulusi kapena kansalu. Imafuna kukhuthala kokwanira, kawirikawiri kupaka kawiri, ndipo m'nyumba yozizira yonyowa imachedwa kuuma. Chidebe chake ndi chodula, ndipo wopaka akaumira n'kupaka mopyapyala mwataya zonse. Imatsekanso pokhapo pamene bulashi yafika. Kumbuyo kwa joisti yogundana ndi khoma sifikako.

Thovu la m'chitini ndi silikoni ndinena mwachidule: si zotchinga mpweya za nthawi yaitali pa thabwa loyenda. Thovu wamba limauma gwa, thabwa likafota limasiya mng'alu wopyapyala m'mbali, ndipo mwaona kale zimene milimita imodzi imachita. Lilipo thovu lofewa lopangira dala ntchitoyi, labwino kudzaza dzenje musanapake penti, koma lisakhale lokha. Ku America ndi ku Canada amakonda kupopera thovu lamakina pa rim board yonse, ndipo limatseka ndithu. Kuno ku Britain samalani, chifukwa obwereketsa ndalama za nyumba ambiri amakayikira nyumba zopoperedwa thovu, makamaka m'denga, popeza limabisa thabwa ndipo woyendera sangaone ngati likuwola.

Kutulutsa mzere kunja kwa fulemu

Ena amati, bwanji tikuvutikira mkati momwe muli majoisti, makoma ogawa zipinda ndi mawaya, pomwe kunja khoma ndi losalala kuchokera pansi mpaka kudenga? Ndiye amamata mabolodi akunja ndi tepi, monga ZIP System ya ku America, kapena amakuta nyumba yonse ndi membrane yodzimata yokha yolola nthunzi, monga Wraptite ya A. Proctor Group ku Blairgowrie. Fulo sivutanso, membrane imangodutsa pa rim board ngati palibe kanthu. Wamagetsi ndi pulambala akamaboola mkati saikhudza.

Njirayi ndi yamphamvu, koma ili ndi mfundo yake. Kutseka mphepo kunja sikuletsa mpweya wofunda wa m'nyumba kuzungulira m'kati mwa khoma n'kukafika pa bolodi lozizira. Imayenda bwino kwambiri pamene kunja kwa mzerewo kuli insulation yokwanira, monga mabolodi a ulusi wa mtengo, kuti bolodi likhale lofunda. Popanda zimenezo, chotchinga nthunzi cha mkati chikufunikabe, ndipo lamulo lapakamwa la amisiri a kuno ndi lakuti mbali yamkati ikanize nthunzi kasanu kuposa yakunja. Vuto silinathe koma lasamuka: tsopano lili pomwe khoma likumana ndi denga, mapaso akutulukira kunja, ndi pansi pa maziko. Mukumatanso panja, pa mvula ya kuno, ndipo njerwa zakunja zikangokwera simudzaufikiranso mzerewo kuti mukonze. Musadalirenso OSB wamba yopyapyala ngati chotchinga mpweya, chifukwa ina imadutsitsa mpweya m'thupi mwake momwe. Alipo mabolodi opakidwa dala kuti atseke, monga a Smartply opangidwa ku Waterford ku Ireland.

Yatsala imodzi yatsopano, AeroBarrier, yochokera ku kafukufuku wa pa yunivesite ya California ku Davis. Amapopa mpweya m'nyumba ndi fani ija n'kufukiza nkhungu ya guluu, ndipo mpweya pothawa umanyamula guluuyo n'kumuunjika m'ming'alu mpaka itatsekeka. Imatseka timipata tofika mamilimita 12 ndipo imafika pomwe dzanja silifika. Ndi yabwino kumalizira, koma rim board yosiyidwa pululu siingaitseke.

Tsono musankhe iti?

Yankho limadalira tsiku limene mwafunsa funsoli. Ngati nyumba idakali pa pepala ndipo mukufuna 0.6 kapena pafupi napo, kolekani fulo pa ledger, kapena tulutsani mzere kunja ngati khoma lanu lili kale ndi insulation yakunja. Ngati mwaoda fulemu wamba wosanjikiza koma sanafike, lamba wa membrane ndiye wanu, ndipo ndi amene ndingauze anthu ambiri kuti atenge, chifukwa ndi wotchipa ndipo gulu lililonse la akalipentala lingamuike likauzidwa. Ngati fulemu waima kale wopanda lamba, dulani timabolodi, matani tepi pomwe pali powongoka, pakani penti pa ngodya, ndipo konzekerani kutaya masiku. Mmera m'poyamba.

Kaya mwasankha iti, tengani pulani yoonetsa nyumba itadulidwa pakati, ndi cholembera chofiira. Jambulani mzere wa mpweya kuzungulira nyumba yonse osanyamula dzanja. Pamene cholembera chakakamira, pamenepo mufunse wojambula kuti chinthu chanji chidzatseka, adzaika ndani, tsiku liti. Safunsa anadya phula. Pa nyumba yathu ija pulani inangosonyeza membrane m'khoma lapansi ndi membrane m'khoma lam'mwamba, pakati palibe kanthu. A ku fakitale ankayesa kuti ndi ntchito yathu, ife tinkayesa kuti ndi ya omata plasterboard, ndipo iwo anapeza majoisti atakhala kale.

Muyezenso kawiri. Mayeso oyamba achitike mazenera atalowa ndi membrane itamatidwa, koma plasterboard isanakhomedwe, pamene mitu ya majoisti ikuoneka. Faniyo ikamakoka, yendani ndi kuseri kwa dzanja konyowetsedwa pang'ono, joisti ndi joisti. Khungu limamva kamphepo kamene diso silingaone. Ndipo nyumba ikatsekeka chonchi iyenera kupatsidwa mpweya wabwino mwadala, kudzera m'makina a MVHR, otulutsa mpweya wakale n'kulowetsa watsopano osataya kutentha, kapena mafani oyenda nthawi zonse, apo ayi nkhungu imene mwaithamangitsa m'khoma idzamera kuseri kwa wadiropu.

Mapaipi a makina amenewo, pamodzi ndi a kubafa ndi a kukhitchini, nthawi zambiri amadutsa m'kati mwa fulo yomweyi n'kutulukira pa rim board. Ndaonapo lamba woikidwa mwaluso ataboolidwa ndi chibowo cha 125 mm, m'mbali mwake mutangosiyidwa. Gwirizanani ndi pulambala ndi wamagetsi kuti paipi iliyonse idutse pa bowo lake, waya uliwonse pawokha, n'kuvekedwa kolala yamphira yomatidwa ku membrane. Mawaya asanu omangidwa mtolo sangatsekeke.

Ndipo michira ija ya 150 mm imalendewera milungu ingapo isanalumikizidwe, ikukupiza pamutu pa aliyense wodutsa. Munthu wosadziwa ntchito yake amaiona ngati nsanza n'kuisadza ndi mpeni kuti pakhale paudongo. Masiku ano lamba akangoikidwa ndimapinda mchira uliwonse n'kuugwiritsa ku khoma ndi timatepi, kenako ndimatenga cholembera chachikulu chakuda n'kulembapo pa mita iliyonse kuti asadule, pamodzi ndi dzina langa, kuti wofuna kuboola ayambe wandipeza.